Kodi woyenera kusaina chiphaso cha wapolisi wa mzinda ndani?

Mlembi pa ofesi ya maloya, Gauteng: Akuluakulu, ndithandizeni. Mayi wina wa kwathu, wogulitsa kaunjika m'mbali mwa msewu kuno ku South Africa, analandidwa katundu sabata yatha ndi munthu wovala yunifolomu ya khonsolo. Mayiwo anajambula chiphaso chake pa foni: nkhope ndi nambala zikuoneka bwino, koma wosaina ndi wachiwiri kwa mkulu wa nthambi. Abwana akufuna kalata yotsutsa pofika mawa, ndipo ine ndimayesa kuti woyenera kusaina ndi meya.

Wothandiza pa milandu, Durban: Achimwene, meya musamulowetsemo, chifukwa salemba ntchito apolisi. Yambani mwadziwa kuti munthuyo ndi wa gulu liti. Ngati ndi wa metro police (apolisi a mzinda) weniweni, gawo 64C la lamulo la South African Police Service Act ya 1995 limati khonsolo imasankha mkulu wa apolisiwo, ndipo mkuluyo ndiye amalemba ntchito, kukweza ndi kusamutsa apolisi ake. Koma ngati ndi wongoona za malamulo a mzinda, mphamvu zake zimachokera ku gawo 334 la Criminal Procedure Act ya 1977, limene limafuna kuti akhale ndi chiphaso chochokera kwa womulemba ntchito pa nthawi imene akugwira ntchitoyo, achionetse akafunsidwa, apo ayi zimene wachita zilibe mphamvu pa lamulo.

Kalaliki wakale wa khonsolo: Ndionjezerepo, bambo. Gawo 334 limenelo likunena womulemba ntchito, silitchula udindo wa wogwira cholembera. Mkulu wa onse ogwira ntchito ndi municipal manager, malinga ndi gawo 55 la Municipal Systems Act ya 2000, koma gawo 59 limalola kuti mphamvu zipatsidwe kwa wina, bola zikhale zolembedwa. Choncho siginecha ya wachiwiri siili yolakwika payokha. Mukathamangira kulemba kuti chiphasocho nchabodza, adzangotulutsa pepala limodzi mufayilo ndipo kalata yanu idzathera pomwepo. Apempheni akuonetseni chikalata chopatsa mphamvucho ndi deti lake, poti nthawi zina munthu amasaina atangogwirizira mpando, chikalata chisanatuluke. Akazengereza, pemphani kudzera mu Promotion of Access to Information Act ya 2000, lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha kuona zikalata za boma.

Mlembi pa ofesi ya maloya, Gauteng: Zikomo kwambiri, amayi, nanunso achimwene. Ndakuza chithunzicho, ndipo pamwamba palembedwa Law Enforcement, kutanthauza ongoona za malamulo a mzinda aja, kotero ndiyenda ndi gawo 334. Ndachotsamo meya, ndaikamo pempho la chikalatacho, komanso la mndandanda wa katundu wolandidwa, umene mayiwo akuti sanapatsidwe.