Chifefe cha apongozi: Winchester anasiyiranji kupanga Model 12?

Mkamwini wa ku Indiana

Abale, ndigawireniko nzeru. Apongozi anga aamuna anatisiya mu February, ndipo pogawa katundu mayi a kunyumba ndi alongo awo anagwirizana kuti chifefe cha malemuwo chibwere kwa ine, poti ndine amene ndinkapita nawo kokasaka. Kusakako ndikungonena, ntchito yanga inali kunyamula khofi ndi kugwira galu.

Mfutiyo ndi Winchester Model 12 ya 16 gauge (nambala yosonyeza kukula kwa bowo la mpope), ija yochita kupopa. Pa mpope wake palembedwa NICKEL STEEL ndi FULL. Pamene ankagwira ponyamula, chitsulo chinasuluka mpaka kuoneka mbuu, ndipo thabwa lake lili ndi kamng'alu pafupi ndi pogwira. Koma muipope! Yakhala m'kabati zaka zitatu osakhudzidwa, koma ikungoseseleka ngati mafuta ndathira dzulo.

Ndinapita nayo kusitolo ina ya mfuti kuti aione. Mnyamata wa pa kauntala anangoti izi anasiya kupanga kalekale, ndiwasiyire pa mtengo wina wochititsa manyazi ndipo nditenge yatsopano. Ndinaibwezera m'chikwama n'kutuluka. Tsono ngati inali yabwino monga ankaitamira apongozi, anaisiyiranji? Inali ndi vuto? Ndipo ndingaikemo zipolopolo za masiku ano?

Wamakina

Pepani ndi zovutazo achimwene. Mwachita bwino kutuluka nayo.

Vuto inalibe. Chinaipha ndi mtengo woipangira. Ine ndimasema zitsulo pa makina, ndiye nkhaniyi imandikhudza. Model 12 inatuluka mu 1912 ku fakitale ya Winchester ya ku New Haven, Connecticut, ku America, ndipo anaikonza ndi T. C. Johnson potengera mfuti ya John Browning ya 1897. Thupi lake ankalisema kuchokera ku chigumu chimodzi cha chitsulo. Tizitsulo ta mkati natonso tinali tochita kusema, kenako mmisiri ankakhala pansi ndi tupa n'kumapala mpaka chilichonse chilowane bwino. Kuseseleka mukukumvako ndi manja a munthu ameneyo. Koma munthu wa tupayo amafuna malipiro, ndipo nkhondo yachiwiri itatha malipiro a amisiri ku America anakwera.

Mu 1950 kampani ina, ya Remington, inatulutsa chifefe chake chotchedwa 870. Zitsulo zake zambiri zinali zongodinda pa makina, zolowa mu mfuti iliyonse ya mtunduwo popanda wozipala. Inkawomba bwinobwino ndipo inali yotsika mtengo. Mlimi wofuna kupha abakha awiri Loweruka sankafunsa kuti mkati mwasemedwa bwanji, ankaona ndalama za m'thumba mwake. Winchester analimbalimba, koma mu 1964 anaichotsa pa mzere wa mfuti zopangidwa zambiri n'kuikapo Model 1200 ya thupi la aluminiyamu. Anali atapanga pafupifupi 2 miliyoni. Pambuyo pake ankapangabe zowerengeka, ndipo zina Browning anakapangitsa ku Japan ku kampani ya Miroku, koma zinali za anthu osunga mfuti ngati chuma.

Chondiseketsa n'choti amene anaigwetsawo nawonso zinawaonekera. Remington, atagulitsa 870 zoposa 11 miliyoni, anagwa ndi ngongole mu 2018 ndi 2020, ndipo fakitale yawo yakale ya ku Ilion, New York, inatsekedwa mu 2024. Ya Winchester ya ku New Haven inali itatsekedwa kale mu 2006.

Nachisale wa m'dambo

Bambo, mbiri mwaimva, ine ndinene za zala ndi maso anu. Musaikemo chipolopolo chilichonse isanaonedwe ndi mmisiri wa mfuti weniweni, osati wogulitsa.

Mawu oti NICKEL STEEL akusonyeza kuti ndi yakale kwambiri, chifukwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anasintha chitsulo n'kuyamba kulemba WINCHESTER PROOF STEEL. Ma 16 gauge oyambirira anali ndi chipinda chachifupi cha chipolopolo, mainchi 2 9/16, pomwe za m'sitolo lero ndi 2 3/4. Chachitalicho chimalowa ndithu, mpake anthu amapusitsika, koma chikaphulika kukamwa kwake kulibe malo otsegukira bwino, ndipo chikhungwa chimakonda kukanirira potuluka. Yang'anani ngati pa mpope palembedwa 2 3/4. Ngati palibe, mmisiri ayeze.

Za abakha iwalani kaye. Kuyambira 1991 lamulo la dziko lonse la America limaletsa kuwombera mbalame za m'madzi ndi mtovu, ndipo timipira tachitsulo sitigwirizana ndi mpope wakale wothina kukamwa ngati FULL wanuyo, tingathe kuutupitsa. Zipolopolo za bismuth, mtundu wina wa chitsulo, ndi zofewa, zimatheka, koma mtengo wake mudzaumva.

China chimene ambiri sadziwa: mfuti imeneyi mukafinya chowombera n'kupopa chala chili chifinyire, imalira yokha potsekeka. Asilikali a America ankaikondera zimenezo ku nkhondo, koma inu pophunzira chala chizikhala kunja.

Mlimi wa ku Ntchisi

Ha, anzathu a kunja muli ndi nthawi! Mukulira mfuti imene anasiya kupanga chaka chimene Malawi analandira ufulu? Kuno chifefe ndi cha anyani ndi nguluwe zikavuta m'munda, ndipo palibe amafunsa kuti anapanga ndani, bola chikhale ndi chiphaso cha kupolisi ndipo zipolopolo zipezeke. Agogo anga anali ndi gogodela, onga wochita kutsindira ndi kamtengo, ndipo nkhanga sizinkasowa pa nsima.

Koma za mnyamata wa musitoloyo ndazimva bwino. Wakuuza kuti chinthu chako n'chachabe kwinaku dzanja lili m'thumba kufuna kuchigula, ameneyo ndi mavenda a fodya omwe aja. Funso langa n'lakuti ikathyoka kachitsulo mkati, mukakapeza kuti poti fakitale inatsekedwa?

Wamakina

Akulu a ku Ntchisi, zitsulo zimapezeka, poti zinapangidwa zambiri ndipo alipo ogulitsa zophwasula ku mfuti zakufa. Chovuta n'chomwe ndanena chija: kachitsulo ka Model 12 ina nthawi zambiri sikangolowa mu inzake, pamafunika tupa ndi munthu woidziwa. Oterowo ambiri ndi madala tsopano. Achimwene a ku Indiana, funsani ku kalabu yowombera mbale zadothi, kumeneko simulephera kupeza wina wa imvi amene anakulira nayo.

Mkamwini wa ku Indiana

Zikomo nonse. Ndayang'ana ndi tochi mpope wonse, 2 3/4 palibe. Ndiye bokosi la zipolopolo limene ndinagula lija likhala kaye pamwamba pa kabati. Alamu anga akuti amadziwa mdala wina amene ankaikonzera bambo awo, tipita Loweruka, aonenso kamng'alu kaja. M'thumba la chikwama chake ndapezamo zikhungwa ziwiri zapepala zowombedwa kale, zikununkhabe onga. Mayi a kunyumba atenga chimodzi.