Bambo akunyumba anachitidwa opaleshoni ya ubongo, ndiwasamalire bwanji kumudzi?

Nabanda, Ulongué:
Bambo akunyumba anawachotsa chotupa mu ubongo ku Hospital Central de Maputo, ndipo tsopano tabwerera kumudzi. Chilonda chikuuma bwino, koma amagona usana wonse, amaiwala zimene tangokambirana kumene, ndipo akupsa mtima msanga, khalidwe limene analibe kale. Akuumiriranso kupita kudimba kukathirira mbatatesi, pamene apongozi akuti mankhwala oletsa kukomoka awasiye popeza sanagwepo. Amene munadutsamo ndithandizeni nzeru.

Namwino wopuma ntchito, Moatize:
Pepani ndi matenda, aNabanda. Mankhwalawo asasiye ngakhale tsiku limodzi popanda mawu a dokotala, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi ndi kumene kumadzutsa kukomoka kumene apongozi anu sanakuonepo. Akakomoka, muwagoneke chammbali, musawaike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo zikapitirira mphindi 5 muthamangire nawo kuchipatala. Muthamangenso mukaona madzi oyera kapena mafinya akutuluka pachilonda, mutu ukupweteka mowonjezereka, akusanza, akuvuta kudzutsa, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zafooka. Thupi likatentha musangoganiza kuti ndi malungo n'kukagula mapiritsi pamsika. Akayezedwe magazi, ndipo muwauze achipatala za opaleshoniyo. Aspirini asamwe pokhapokha dokotala atalola, pakuti amachedwetsa kuundana kwa magazi. Za kudimba ayambe aiwala, chifukwa kunyamula makeni a madzi ndi kuwerama nthawi yaitali n'koletsedwa pa masabata oyambirira, ndipo ambiri mphamvu zimayamba kubwerera pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ena mochedwerapo.

Phiri, Furancungo:
Mayi, ine ndinali wodwalayo. Ukali umene mukuuonawo nthawi zambiri umachokera ku kutopa ndi manyazi, chifukwa mwamuna amene ankadyetsa banja akamasambitsidwa mtima umamuwawa, komabe muwauze adokotala, popeza mankhwala ena monga dexamethasone amasinthanso mtima wa munthu. Chimene chinandithandiza n'chakuti mayi akunyumba ankaletsa odzazonda kulowa ambiri nthawi imodzi, ngakhale kuti ena anawanena kuti ndi odzikonda, ndipo ankalemba m'kabuku nthawi ya mankhwala ndi tsiku lokaonana ndi dokotala. Ankandipatsanso tintchito ta pamphasa monga kusankha nyemba, ndipo madzulo tinkayenda pang'ono kuzungulira nyumba.

Naphiri, Tsangano:
Ndiwonjezere za kuno kumapiri, kumene June ndi July amatisonkhanitsa pamoto. Munthu amene angakomoke asaothe moto ali yekha, asasambe kumtsinje, ndipo njinga yamoto asayendetse mpaka dokotala atamulola. Kudimbako pemphani alamu anu athirire, ndipo ulendo wotsatira wa kuchipatala mutengane ndi apongoziwo kuti za mankhwalazo akazimve okha kwa dokotala.