Zotsatira: ntchito ya pakhomo yopanda nthawi yowerukira

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija, loti bwanji ntchito yogwirira kunyumba kuno ku Harare yandifooketsa chonsecho malipiro sanatsike. Ambiri munati vuto si ntchitoyo koma kusowa nthawi yowerukira. Munalondola.

Ndinatsatira malangizo a mayi amene anati maola ndiwalembe pa imelo, osangonena pakamwa. Abwana anavomera: kuyamba 9 koloko m'mawa, kuweruka 6 koloko madzulo. Koma amene ofesi yanu ili ku London, chenjerani apa. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi iwo amakhala kumbuyo kwathu ndi maola awiri, miyezi yotsalayo ola limodzi. M'miyezi ya maola awiriyo, msonkhano wa 5 koloko madzulo kwawo umagwa 7 koloko kuno, nsima ili kale patebulo. Choncho lembani maolawo m'nthawi ya ku Harare.

WhatsApp ya kuntchito ndinaisamutsira pa foni yakale ya simu ina. Ikakwana 6 ndimaizimitsa n'kuiika m'dirowa.

Chimene chinkanditopetsa kwambiri ndi magetsi: akathima masana, ntchito ndinkaibweza usiku. UPS yaing'ono (batire losunga magetsi) ya rauta, kachipangizo ka intaneti, yathetsa zimenezo, bola laputopu igone yodzadza. Musanagule, onani pansi pa rauta ngati imafuna 9V kapena 12V, komanso ngati pulagi ya UPS ikulowa pa rautayo.

Kutseka chitseko kokha sikunathandize, achibale ankagogodabe. Zinasintha nditawauza kuti zotumidwa zonse zizidikira 1 koloko masana.