Thanki ya mafuta a LDS yang'aluka pa Citroën C5: ndimate kapena ndigule ina?

Wa ku Leicester:
Akuluakulu, ndili ndi Citroën C5 ya 2010, ija imakwera ndi kutsika ndi mphamvu ya mafuta m'malo mwa masipuling'i achitsulo. Loweruka lapitali ndinakasinthitsa matayala akutsogolo pa galaja ina, ndipo kutacha Lamlungu ndinapeza chithaphwi cha mafuta a LDS, omwe amakweza galimotowo, ooneka ngati lalanje pafupi ndi tayala lakumanja. Nditaunika ndi tochi ndinaona kuti akuchucha pamsoko wa thanki ya pulasitiki imene ili pansi pa boneti, mbali ya dalaivala. Galimoto ikukwerabe, koma pampu ya mafutawo ikulira nthawi yaitali kuposa kale. Kodi ndingamate ndi guluu wolimba kuti ndifike kumapeto kwa mwezi? Nanga ndikagula thanki ina, ntchitoyi ndingaigwire ndekha pakhomo?

Makaniko wa ku Coventry:
Pepani achimwene, koma zomatazo zisiyeni. Pulasitiki imene yanyowa kale ndi mafuta sigwira guluu, komanso thankiyo si chigubu wamba: galimoto ikamatsika, mafuta amabwerera mwamphamvu n'kupanikiza mpweya umene uli mkatimo, choncho pomatapo padzatsegukanso. N'kutheka kuti ndi mmene yang'alukira. Galimotoyi ikanyamulidwa matayala ali lende, kenaka n'kutsitsidwa mofulumira chivundikiro cha thanki chili chomanga, mafuta ambiri amabwerera nthawi imodzi ndipo msoko umalephera kupirira. N'chifukwa chake odziwa amayamba aikweza mpaka pamapeto ndi batani la mkati, n'kumasula chivundikirocho, asanaike jeke.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi pampu, chifukwa ili pansi penipeni pa thankiyo. Mafuta odonthawo akalowa mu mota yake, fyuzi yaikulu imapsa, ndipo pampu ikakoka mpweya mafuta atachepa galimoto imakhala pansi osadzukanso. Chiwongolero nachonso chimamwa m'thanki yomweyo. Musaiyendetse mpaka mutakonza.

Ntchito yake mungaithe ngati muli ndi zoimikira zachitsulo zolimba. Galimoto ikakhala pa zoimikirazo, chotsani batire, popeza pampu imatha kudzuka yokha munthu akangotsegula chitseko. Chotsani tayala lakumanja ndi pulasitiki ya mkati mwa madigadi kuti mufikire mapaipi apansi, kokani mafuta otsala ndi sirinji yaikulu, ndipo jambulani mapaipi onse musanawazule. Pukutani malo onse kaye, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kangathe kutseka mavavu.

Mayi Phiri wa ku Luton:
Ndiwonjezere za mafuta, chifukwa ifenso tinasintha thanki pa C5 yathu chaka chatha. Gulani LDS basi. Musalole wogulitsa akupatseni LHM ponena kuti onse ndi a Citroën, pakuti LHM ndi wobiriwira uja wa galimoto zakale monga Xantia ndi BX, ndipo awiriwa sasakanizidwa. Muyezo wake umaonedwa galimoto itatsitsidwa mpaka pansi, pamene mafuta onse abwerera m'thanki. Mukadzaza galimoto ili m'mwamba, mafuta adzasowa malo ikamatsika, ndipo thanki yatsopanoyo idzang'alukanso kapena kusefukira.

Ife titamanga zonse pampu inangolira osakoka kanthu, ndipo tinada nkhawa kuti taiwononga. Chinatithandiza ndi kupopera mpweya pang'ono pakamwa pa thanki, pafupifupi 0.5 bar (muyezo wa mphamvu ya mpweya) monga mwa malangizo a Citroën, kufikira mafuta atatsikira ku pampu. Kenaka tinakweza galimoto ndi kuitsitsa kangapo, n'kupotoza chiwongolero uku ndi uku mpaka kumapeto, ndipo phokoso linatha.

Agogo a Chisomo:
Ine pa thanki yogwirapo kale ntchito sindigwirizana nazo, ngakhale kuti simunafunse. Imene mungaipeze kwa ophwasula galimoto ili ndi zaka zofanana ndi yanuyo, ndipo yapsa ndi kutentha kwa injini chimodzimodzi. Koma mawu anga aakulu ndi akuti musalowetse mutu kapena mkono pansi pa galimotoyi itangoima payokha, ngakhale itakwera chotani. Paipi imodzi ikamasuka galimoto imagwa nthawi yomweyo, ndipo pansi pake sipatsala mpata wa munthu.

Wa ku Leicester:
Zikomo nonse, mwandithandiza kwambiri. Galimoto ndaiimika, ndayala katoni pansi pake, ndipo ndaitanitsa thanki yatsopano pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi. Ndaona kuti mapaipi agwidwa ndi timalamba tachitsulo topanda sikuluu. Bambo a ku Coventry, kodi timeneti timabwezeredwanso, kapena ndigule ta sikuluu?

Makaniko wa ku Coventry:
Timabwezeredwa ngati muli ndi pulayala yake, koma tikapindika pochotsa musatikakamize. Gulani ta sikuluu ta muyezo wa paipi iliyonse, ndipo mumange mosamala, chifukwa timilomo ta thankiyo ndi ta pulasitiki ndipo timasweka tikafinyidwa kwambiri. Mukatha, muonenso mota ya pampu ngati yauma musanabwezere batire.