Fayilo ya Access yakana kutseguka, kumene kunali yankho kunatsekedwa

Tiyamike (Zomba): Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala wanga ali ndi sitolo ya feteleza ndi mbewu, ndipo katundu yense komanso ngongole za alimi amazisunga mu pulogalamu ya Access imene munthu wina anawapangira kalekale. Sabata yatha magetsi atabwera mwamphamvu kompyuta yakaleyo inapsa. Mwamwayi hard disk inapulumuka. Ndakopera fayilo ya .mdb pa kompyuta yatsopano, koma ndikati nditsegule ikundiuza kuti ndilibe "necessary permissions". Ngakhale password sikufunsa. Amene anaipanga anatisiya zaka zapitazo. M'kabati ndapeza kope lake, ndipo pa tsamba lina analemba ndi bolopeni yofiira kuti: "Zikavuta onani microsoft.public.access.security pa msnews.microsoft.com." Ndalemba zimenezo mu Chrome, palibe chikutuluka. Mwini sitolo akungondiimbira, alimi ayamba kale kubwera kudzabweza ngongole ndipo sakudziwa kuti uyu atenge zingati.

Chisomo (Lilongwe): Mwina linkiyo mwailemba molakwika achimwene. Koma bwanji osangofunsa pa foramu ya Microsoft Q&A kapena ya Stack Overflow?

A Banda (Limbe): Sanalakwitse ayi, Chisomo. Chimenecho si website, n'chifukwa chake Chrome yangoti duu. Ndi newsgroup. Inu ana a lero simunazione izi. Kale munthu unkatsegula Outlook Express, n'kulembamo dzina la seva, imene inkalankhula ndi kompyuta yako kudzera pa njira yotumizirana mauthenga yotchedwa NNTP, port 119. Ukatero unkasankha magulu amene ukufuna, mauthenga n'kumatsika ngati maimelo. Zinayambira ku Duke University ku America, kumene Tom Truscott ndi Jim Ellis anaganiza za Usenet, netiweki ya ma newsgroup amenewa, mu 1979. Microsoft inali ndi magulu akeake oyamba ndi microsoft.public, koma mu June 2010 inayamba kuwatseka n'kuuza anthu kuti asamukire ku maforamu a pa webu: Microsoft Answers, TechNet ndi MSDN. Ndiye seva imene malemu analembayo kulibenso, a Tiyamike. Musataye nayo nthawi.

Tiyamike (Zomba): Ndiye kuti zonse zimene zinalembedwa kumeneko zinapita, amalume?

A Banda (Limbe): Si zonse. Ubwino wa Usenet unali woti uthenga sunkakhala pa seva imodzi, maseva ankapatsirana. Kampani ya Deja News inayamba kusunga mauthengawa mu 1995, ndipo Google inagula nkhokwe imeneyo mu 2001 n'kuiika mu Google Groups. Pa 22 February 2024 Google inasiya kulandira mauthenga atsopano a Usenet, koma akale anawasiya kuti anthu aziwerengabe. Lowani pa Google Groups, lembani dzina la gululo monga mmene lilili mu kopemo, kenako mufufuze mawu oti wrkgrp.

Esnart (Mzuzu): Amalume atchula kale mawu ake enieni. Achimwene, fayilo yanu sinawonongeke. Malemu anaitchinga ndi user-level security, ndipo mayina a anthu ololedwa kulowa sakhala mu .mdb. Amakhala mu fayilo ina yothera ndi .mdw. Inu mwasamutsa nyumba, makiyi mwawasiya pa disk yakale. Access ya pa kompyuta yatsopano ikugwiritsa ntchito System.mdw yakeyake, ikukulowetsani mwakachetechete ngati Admin wamba, pamene Admin ameneyo malemu anamulanda mphamvu zonse. N'chifukwa chake sikufunsa password.

Chitani izi. Lumikizani disk yakale ija mufufuze *.mdw paliponse, kuphatikizapo mafoda obisika. Kenako pitani pa Desktop yakale, mupeze shortcut imene ogwira ntchito ankadina m'mawa uliwonse. Musaidine, tsegulani Properties muwerenge mzere wa Target. Muona njira yopita ku MSACCESS.EXE, kenako ya .mdb, kenako /wrkgrp ndi njira ya .mdw yoyenera. Pangani shortcut yotero pa kompyuta yatsopano, njira iliyonse ikhale m'kati mwa ma quotation marks ake. Ndipo musayambe mwayesa chilichonse musanasunge makope awiri a mafayilo onsewo pa flash.

Tiyamike (Zomba): Ndapeza ma .mdw awiri, System.mdw ndi Sitolo.mdw. Target ya shortcut yakale ikuloza ku Sitolo.mdw. Ndapanga yatsopano koma uthenga ndi womwe uja.

Esnart (Mzuzu): Mzere wanu wayamba ndi chiyani?

Tiyamike (Zomba): Ndi njira ya .mdb, achemwali. Ya MSACCESS.EXE ndinaichotsa poona kuti Office yatsopano ili mu foda ina.

Esnart (Mzuzu): Vuto ndi lomwelo. Popanda MSACCESS.EXE kutsogolo, /wrkgrp ija siwerengedwa n'komwe. Fufuzani pamene MSACCESS.EXE yatsopano ili, muike njira yake yonse poyambirira.

Chisomo (Lilongwe): Pamene tikudikira, amalume, ine sindikuona chimene chinatayika. Pa foramu yankho lolondola amaliika chizindikiro, umalipeza pa Google, umatha kuika chithunzi cha error. Za Outlook Express zija zikumveka zotopetsa.

A Banda (Limbe): Zimenezo ukunena zoona, ndipo spam inali itadzaza m'magulu muja moti kusaka yankho kunali ngati kusankha mpunga wamiyala. Koma ganizira mmene tinkagwirira ntchito kuno. Intaneti inali ya dial-up, foni ya pansi ikuwerenga mphindi, bwana akuyang'ana bilu. Ndinkalumikiza madzulo, modemu n'kulira kulira kwake kuja, ndikatsitsa mauthenga a magulu anga atatu n'kudula. Usiku wonse ndinkawerenga popanda kulipira kalikonse, mayankho anga n'kuwalemba kuti adzapite mawa. Ndipo zimene ndatsitsazo zinkakhala pa disk yanga. Foramu imafuna ukhale pa intaneti tsamba lililonse, bandulo ikutha. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti foramu ili ndi mwini mmodzi. Maforamu a TechNet ndi MSDN amene anthu anauzidwa kuti asamukireko mu 2010, nawonso anadzatsekedwa, anthu n'kulozeredwa ku Microsoft Q&A. Amene anasunga malinki a kumeneko m'makope awo ali pa vuto lomwe a Tiyamike ali nalo lero.

Chisomo (Lilongwe): Pamenepo ndamva. Linki yakufa ine ndimaiyesa pa Wayback Machine, website yosunga masamba akale a pa intaneti, nthawi zina imatuluka.

Tiyamike (Zomba): Yatseguka! Yafunsa dzina ndi password, mayi amene amakhala pa kauntala alemba zawo zakale, ngongole zonse zaoneka mpaka tsiku limene kompyuta inapsa. Mwini sitolo wakhala pansi n'kugwira kumutu. Zikomo kwambiri achemwali, zikomo amalume. Pa Google Groups ndapezanso gulu lija, nkhani ya /wrkgrp anthu anaifotokoza kambirimbiri. Tsopano ndikuganiza zoisintha ikhale .accdb kuti zisadzavutenso.

Esnart (Mzuzu): Musathamange. Mtundu wa .accdb, umene unabwera ndi Access 2007, sudziwa user-level security. Mukasintha, mpanda wonse ugwa, ndipo aliyense wokhala pa kompyutayo adzatha kufufuta ngongole ya mlamu wake. Isiyeni ili .mdb mpaka nyengo yobweza ngongole ithe, kenako mukhale pansi ndi mwini sitolo mugwirizane za chitetezo china. Chinanso, yang'anani mu kope la malemu ngati analemba Workgroup ID ndi ma PID a anthu, manambala amene anaika popanga .mdw ndi mayina a ololedwa kulowa. Sitolo.mdw ikadzatayika, manambala amenewo ndi amene angakuthandizeni kuipanganso.

Tiyamike (Zomba): Alipo, tsamba lakumapeto, bolopeni yofiira yomwe ija. Ndawajambula. Pansi pa mzere wa msnews ndalembapo Target yonse ya shortcut ndi deti la lero, ndipo Sitolo.mdw ndaiika pa ma flash awiri, imodzi ipita kunyumba kwa mwini sitolo.

A Banda (Limbe): Muwauzenso agule surge protector mvula isanayambe.