Ndikufuna kupalasa njinga mpaka ku Dar es Salaam, koma misewu ya kumeneko ikundiopsa

Wobisa dzina: Abale anga a pagulu lino ndithandizeni nzeru, ndipo a admin chonde dzina langa lisaoneke chifukwa a kuntchito kwathu ali momwemuno. Ndili ndi zaka 41, ndimakhala ku Chilenje. Kuyambira chaka chatha mtima wanga uli pa kupalasa njinga kuchoka muno mu Lusaka mpaka ku Dar es Salaam, ndikaone nyanja ya mchere ndi maso angawa. Chibadwire sindinatulukepo mu Zambia, kupatula tsiku limodzi ku maliro ku Mchinji. Akazi anga akuti mutu wayamba kuzungulira. Mlamu wanga, amene anabwera mu Januwale kuti akhala sabata ziwiri koma mpaka lero akudyabe nsima yanga, ndiye akuseka kuposa onse, pamene iyeyo chilichonse cha pakhomo pano amangotola osapempha. Kuntchito tchuthi changa achikankha kawiri konse. Landilodi nayenso wakweza lendi osakonza ngakhale mpopi wodontha. Ndiye ndikungofuna ndikapumitseko mutu. Chikundisowetsa tulo ndi mavidiyo a misewu ya ku Dar amene ndaonera pa YouTube: njinga zamoto ngati njuchi, timabasi tikungoima paliponse, aliyense ali pa hutala. Maminibasi a kuno ndinawazolowera chifukwa ndinkapalasa kupita m'tauni, koma zakumenekozo ndi zina. Kodi munthu angalowe mumzinda umenewu pa njinga n'kutulukamo wamoyo? Ndidzere kuti? Zonyoza ayi chonde, BP ndi yokwera kale.

Makaniko wa ku Kalingalinga: Njinga yake ndi yotani akulu? Muli ndi masiku angati, ndipo mukunyamuka mwezi uti?

Dalaivala wa Mathanki: Tamvera kuno mphwanga. Msewu umenewo ndaukalambira ndi thanki ya mafuta, ndiye amene sanapitirirepo pa Kapiri akhale kaye chete. Iwe ukuopa Dar? Dar ndi kumathero. Kuti ukangofika ku Nakonde ndi makilomita pafupifupi 1,000: Kabwe, Kapiri Mposhi, Mkushi, Serenje, Mpika, Isoka. Ukaoloka ku Tunduma kwatsala ena opitirira 900. Msewu wonsewo eni ake ndife: mathanki, malole a mkuwa, makontena opita ku Congo. Thiraki yodzaza siima ngati Corolla. Ndikakuona kutsogolo, uku kukubwera mnzanga, ndilibe kothawira. Ndikaliza hutala iwe tsika phula. Osati kucheuka kuti ndani ameneyo, TSIKA. Ndipo mphepo ya thiraki imayamba yakukankhira kunja, kenako n'kukukokera kumatayala a ngolo. Ambiri amathera pamenepo.

Kaponya Wopuma: Mlamuyo mumukweze pa keliyala mukamusiye ku Tunduma. Mavuto awiri atha tsiku limodzi.

Amai a Zitenje: Atate a zaka 41, lendi yakwera, BP yakwera, inu mukuti njinga? Ana muwasiyira chiyani? Ine ku Dar ndimapitako kukaoda katundu ku Kariakoo, ndipo sindidzaiwala. Ndinali nditaima m'mbali mwa msewu, chikwama chili paphewa la kumsewu, kamnyamata ka pa bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, kanangodutsa n'kuchitsomphola. Ndinagwa chagada, chigongono chinasupuka, ndalama zonse za oda ndi pasipoti zinapita. Ndinatha masiku ndikuthamangira mapepala ku ofesi ya kazembe wathu, ndikugona kwa mai wina wachifundo amene sitinkamvana chilankhulo. Kuyambira pamenepo pasipoti ndimaimangirira m'chiuno, ndipo chithunzi chake chili mu foni ya mwana wanga. Inuyo ndi njinga yanuyo akakusenzani ndi njinga yomwe.

Wa ku Chipata: Anthu a mu Lusaka mumaopa njinga ngati ndi ndege. Kwathu njinga ndiye galimoto, ambulansi, ndi ngolo yomwe. Atate anga ankapalasa Eagle, ija ankapanga a Luangwa Industries ku Chipata konko, kupita ku Lundazi ndi matumba a mtedza kumbuyo. Chitsulo chenicheni. Timanjinga tamasiku ano ta magiya 21 timathyoka masipoko ukangogunda kadzenje kamodzi.

Dalaivala wa Mathanki: Nthawi ya atate akoyo pamsewu pankadutsa galimoto zingati pa tsiku? Usamunamize mnzako.

Wa ku Chipata: Akulu, sikuti mukayendetsa thanki ndiye kuti msewu munagula. Ngati Eagle palibe agule Buffalo, keliyala yake imasenza makilo 100.

Wopalasa Loweruka: Buffalo ndi yolimba, palibe angatsutse, koma ndi yolemera ndipo yambiri ilibe magiya. Ukachoka ku Mbeya umatsikira ku Chimala, kenako n'kukweranso mpaka ku Makambako ndi Mafinga. Popanda magiya mapiri amenewo mudzawayenda wapansi mukukankha. Ine ndimapalasa ndi anzanga mumsewu wa Leopards Hill, ndipo ulendo wanga wautali ndinafika ku Mpika. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kagalasi koonera kumbuyo, kumanga pa handulo ya kumanja, poti ku Tanzania amayenda kumanzere ngati kuno. Thiraki umaionera patali n'kusankha wekha potsikira. Valani chovala chowala chija cha anthu okonza misewu, nyamukani mbandakucha, dzuwa likapendeka muzikhala mutapeza pogona. Matayala akhale a saizi 26, chifukwa machubu ake amapezeka pamsika uliwonse.

Dalaivala wa Mathanki: Alongo anga, Leopards Hill ndi msewu wa anthu opita kukamwa khofi. Kagalasi kanuko mukaone ngati kangakuthandizeni pa Kitonga. Ukadutsa Iringa ndi Ilula msewu umatsika phiri mokhotakhota, uku thanthwe uku phompho. Mathiraki timatsika pa giya yoyamba mabuleki akununkha, mabasi akutipitirira pakona. Ndinaona ndi maso anga lole itagona chammbali, matumba a feteleza ali mbwee msewu wonse. Kuchoka apo ukulowa mu Mikumi. Makilomita pafupifupi 50 msewu umadutsa m'kati mwa nkhalango ya nyama. Njovu, njati, mikango. Pali ndi zikwangwani zonena ndalama zimene ulipire ukagunda nyama. Za munthu wodyedwa ali pa njinga sanalembepo mtengo.

Kaponya Wopuma: Buffalo kukakumana ndi njati, nkhani ya pachibale imeneyo, akakambirana okha.

Wopalasa Loweruka: Akulu a mathanki, za Mikumi mwanena zoona, pamenepo angokweza njinga pa lole kapena basi, palibe chamanyazi. Koma khofi yo mwandilakwira. Ku Serenje kulibe khofi.

Agogo a Njanji: Ana inu mukulimbana chiyani pamene sitima ilipo? TAZARA inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975, nthawi ya a Kaunda ndi a Nyerere, kuti mkuwa wathu usamadzere kummwera ku Rhodesia kwa a Ian Smith. Makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar. Ukhala pawindo, ugula nthochi ndi mpunga ku Mbeya, ukadutsa m'nkhalango imene kale inkatchedwa Selous uona nyama kwaulere. Achinyamata a lero simudziwa zimene makolo anu anakhetsera thukuta.

Wa ku Chipata: Agogo, munthu wafunsa za njinga.

Agogo a Njanji: Njingayo aikweze m'sitima. Vuto lili pati?

Makaniko wa ku Kalingalinga: Ndifunsenso. Njinga yotani, masiku angati, mwezi uti?

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Amai a Zitenje, ana anga sagona ndi njala, ndipo fizi ya temu ino ndinalipira kale, musandiweruze musakundidziwa. Akazi anga nawonso chaka chatha anapita ku ukwati ku Kitwe sabata yathunthu ine sindinanene kanthu. Za visa bwanji?

Dalaivala wa Mathanki: Pasipoti ya Zambia ku Tanzania sifuna visa, amangodinda. Kabuku kachikasu ka katemera unyamule, kusiyana n'kukakangana pa boda. Ndipo anyamata osintha ndalama pa Nakonde uchenjere nawo: amawerenga mashilingi pamaso pako bwinobwino, ukati ubwereze wekha akulanda ati pali cholakwika, pobweza mtolo wachepa. Ine anandichitapo kamodzi ndili mnyamata, kamodzi kokha. Sintha ku banki kapena ku bureau. Ukalowa ugule SIM ya kumeneko, ndalama uziika mu M-Pesa, osati mu sokosi.

Amai a Zitenje: Sindikuweruzani atate, ndikukuuzani ngati mlongo wanu. Koma ukwati wa ku Kitwe ndi njinga ya ku Dar ndi zofanana?

Mtumiki wa ku Kanyama: M'bale, mzimu wofuna kuthawa pakhomo umafunika pemphero. Yambani mwakhululukira mlamu wanuyo.

Kaponya Wopuma: Abusa, mlamuyo mumutenge azikhala kwanu, mukhululukire pafupi.

Wopalasa Loweruka: Tibwerere ku funso lija la kulowa mu Dar, poti aliyense walidumpha. Msewu waukulu wolowera ndi Morogoro Road, kudzera ku Chalinze, Kibaha, Mbezi, Kimara mpaka ku Ubungo, ndipo mathiraki ambiri opita kudoko ndi mabasi akutali amadzera momwemo. Ndikanakhala ine, pa Chalinze ndikanakhotera kumpoto mpaka ku Msata, n'kulowera ku Bagamoyo, kugona konko m'mbali mwa nyanja, kenako n'kulowa mu Dar Lamlungu m'mamawa misewu isanadzaze. Ndi kozungulira koma mtima umakhala m'malo. Mumzindamo njira za pakati za mabasi othamanga otchedwa mwendokasi, amene anayamba mu 2016, si zanu, musalowemo ngakhale zikuoneka zopanda kanthu. Daladala, timabasi ta mumzindamo, muziitenga ngati minibasi ya ku Kulima Tower: kondakitala akangotulutsa mutu dziwani kuti ikhotera kumanzere n'kuima pamphuno panu. A bodaboda ndi a bajaji, timagalimoto ta matayala atatu, amakuzembani okha ngati mukuyenda mzere umodzi. Amene amagundidwa ndi uja wodzidzimuka n'kukhota mwadzidzidzi. Pamphambano yang'anani mbali zonse, chifukwa ena amabwera mosemphana ndi msewu.

Dalaivala wa Mathanki: Munafikako ku Dar inu alongo?

Wopalasa Loweruka: Pa basi, kawiri. Ndipo njinga ndinabwerekako ku Kigamboni.

Dalaivala wa Mathanki: Pa basi. Mwamva nonse. Ine ndagona pa mzere wa kudoko masiku osawerengeka, udzudzu ukundidya, kutentha ngati uli mu uvuni. Ndipo palibe wamuuza za kuzizira. Akapita mu Juni, ku Mafinga adzalira ndi chisanu, akatsikira ku Dar adzalira ndi thukuta. Mankhwala a malungo anyamule.

Makaniko wa ku Kalingalinga: Kachitatu tsopano akulu. NJINGA.

Wobisa dzina: Pepani a makaniko, mauthenga achuluka. Njinga ndi mountain bike ya salaula, ndinagula zaka zinayi zapitazo. Kungoti panopa ili ku Chongwe. Mlamu uja anaibwereketsa kwa mnzake wogulitsa malasha mu Malichi, ndipo ndamva kuti limu ya kumbuyo inapindika ndi magiya sakulowa. Tchuthi akuti andipatsa masiku 10 mu Disembala.

Kaponya Wopuma: Ndiye ulendo woyamba ndi wa ku Chongwe. Visa safuna kumeneko.

Makaniko wa ku Kalingalinga: Akulu, tiwerengere limodzi. Makilomita opitirira 1,900, mukamapalasa 80 pa tsiku ndi masiku 24, osapuma ngakhale limodzi, osawerengera kubwerera. Pa masiku 10 mvula ya Disembala ikukukwapulani, mukafika ku Mpika muthokoze Mulungu. Kaitengeni kaye njingayo mubwere nayo ndione. Ngati inkasenza malasha, si limu yokha, masipoko ndi ma bearing omwe atha.

Agogo a Njanji: Masiku 10 pa sitima akwana kupita ndi kubwera, n'kupalasako konko m'mbali mwa nyanja. Ndanena kale ine.

Wa ku Chipata: Ikanakhala Eagle limu sikanapindika.

Dalaivala wa Mathanki: Iwe wa ku Chipata, Eagle yakoyo ndinaionapo pa Kanona ili pansi pa ngolo, inapindika ngati waya wa nkhuku. Ndipo mvula ikagwa m'mbali mwa phula mumakhala matope okhaokha, atsikira pati ndikaliza hutala? Mundiyankhe pamenepo inu a magalasi.

Amai a Zitenje: Atate, ngati mupitadi pa sitimapo mundiuze ku inbox. Pali zitenje za wax zimene ndikufuna ku Kariakoo, mapisi asanu ndi limodzi okha, ndalama ndidzakupatsani mukabwera.