COUNT ikundipatsa 12 pomwe mwana anabwereka mabuku 3 okha

kalulu_wa_code:
Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi matebulo atatu mu database ya MySQL 5.7: ophunzira, obwereka ndi mayeso. Ndikufuna kudziwa kuti mwana aliyense wabwereka mabuku angati, walemba mayeso angati. Ndalemba chonchi:

SELECT o.dzina, COUNT(b.id), COUNT(m.id)
FROM ophunzira o
LEFT JOIN obwereka b ON b.wophunzira = o.id
LEFT JOIN mayeso m ON m.wophunzira = o.id
GROUP BY o.id, o.dzina;

Mwana wina ndamuwerengera pamanja: mabuku 3, mayeso 4. Query ikuti 12 ndi 12. Ndachezera usiku wonse kusaka data yolowa kawiri, sindinaipeze.

nkhwazi77:
Data yanu ilibe mlandu achimwene. Chotsani COUNT ndi GROUP BY, muike SELECT * kwa mwana yekhayo, muone ndi maso. Buku lililonse likukwatitsidwa ndi mayeso onse anayi, ndiye 3 kuchulukitsa ndi 4, mizere 12. COUNT ikungowerenga zimene JOIN yaipatsa. Njira yachangu ndi COUNT(DISTINCT b.id) ndi COUNT(DISTINCT m.id), poti DISTINCT imawerenga id iliyonse kamodzi kokha.

mayi_wa_database:
A nkhwazi anena zoona, koma DISTINCT musaizolowere. Mawa mudzafuna kuphatikiza malikisi, ndipo SUM idzakupatsani katatu. Mukadzati SUM(DISTINCT malikisi), mwana wopeza 70 pa mayeso awiri adzawerengeredwa 70 imodzi. Ine zinandigwera, lipoti linapita kwa abwana lili lolakwika, manyazi ake sindidzaiwala.

Werengani tebulo lililonse palokha, kenako mulumikize zotsatira:

LEFT JOIN (SELECT wophunzira, COUNT(*) AS n FROM obwereka GROUP BY wophunzira) b ON b.wophunzira = o.id

Chimodzimodzinso mayeso. Pamenepo mwana aliyense ali ndi mzere umodzi basi, palibenso chochulukana. Mukanakhala pa MySQL 8.0 ndikanati mugwiritse WITH, imawerengeka bwino, koma 5.7 ilibe.

kalulu_wa_code:
Zatheka amayi, 3 ndi 4! Zikomo nonse. Koma ana osabwereka buku akutuluka NULL (palibe nambala) m'malo mwa 0.

mayi_wa_database:
Lembani COALESCE(b.n, 0), imaika 0 pomwe pali NULL. Ndipo mukadzabwerera ku LEFT JOIN wamba, musadzalembe COUNT(*), chifukwa mwana wopanda buku adzaoneka ngati ali ndi limodzi, poti mzere wake ulipobe. COUNT(b.id) ndiyo imadumpha NULL.